Todd Matshikiza: Adatchukitsa oimba anzake, iye n'kufera kwa eni

M'zaka za m'ma 1950, mnyamata akamaliza kontalakiti yake ya Wenela ku Joni sankabwera chimanjamanja. Kupatula bulangeti, suti ndi njinga, ambiri ankayesetsa kunyamula galamafoni yopukusa pamanja pamodzi ndi mbale zake zakuda zija, zomwe zinkasweka ngati phale zikangogwa pansi.

Mbalezo zinkatuluka zambirimbiri mwezi ndi mwezi mumzinda wa Johannesburg. Zina zidali zokoma, zina zongotha ndalama ndi masingano a galamafoni. Nanga wogula akadadziwa bwanji yoyenera kutulutsira ndalama yake yokhetsera thukuta?

Mumzindamo mudali bambo wina wamfupi, wansangala, yemwe ntchito yake idali kumvetsera nyimbo zatsopano n'kuuza owerenga magazini ya Drum zomwe makutu ake apeza. Dzina lake lidali Todd Matshikiza.

Mkuluyu adali mphunzitsi, katswiri pa piyano, wopeka nyimbo komanso mtolankhani. Ndiye adapeka nyimbo za sewero la King Kong lomwe lidatsegulira njira Miriam Makeba, Hugh Masekela ndi ena ambiri. Koma mwini wakeyo adamwalira ali ndi zaka 46 zokha mumzinda wa Lusaka ku Zambia, kutali ndi kwawo, zolemba zake zili zoletsedwa m'dziko lomwe adabadwira.

Mmera mpoyamba

Todd Tozama Matshikiza adabadwa pa 7 March 1921 m'tauni ya Queenstown, yomwe masiku ano imatchedwa Komani, m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa. Anthu ambiri a dera limeneli amalankhula Chixhosa ndipo amadziwika ndi makwaya amphamvu.

Pakhomo pawo nyimbo zidali ngati ndiwo za tsiku ndi tsiku. Bambo ake, a Samuel Bokwe Matshikiza, ankaimba limba, pomwe mayi ake, a Grace, adali ndi liwu lokoma la sopulano. Mkulu wake Meekly adali dolo pa piyano moti anthu adamupatsa dzina loti Fingertips, kutanthauza nsonga za zala. Mwana wa Meekly, Pat Matshikiza, nayenso adadzatchuka pa piyano ya jazi.

Choncho Todd adakula akumva nyimbo za mbali ziwiri. Mbali ina zidali za m'tchalitchi ndi za makwaya, zolembedwa bwinobwino papepala. Mbali inayi zidali za m'madansi ndi m'malo omwera mowa, zomwe anthu ophunzira a nthawi imeneyo ankazinyoza kuti n'za anthu osalongosoka. Tauni ya Queenstown idatulutsa oimba ochuluka moti ena adaitcha tauni yaing'ono ya jazi.

Maphunziro ake a sekondale adachitira pa St Peter's ku Rosettenville mumzinda wa Johannesburg, sukulu ya mishoni ya mpingo wa Anglican komwenso Oliver Tambo adaphunzira. Kuchoka apo adakaphunzira zoimbaimba pa Adams College ku Natal, kenako zauphunzitsi pa Lovedale m'tauni ya Alice.

Atamaliza, adatsalira pa Lovedale pomwepo kuphunzitsa Chingerezi ndi masamu mpaka m'chaka cha 1947. Ndi nthawi imeneyi pomwe adayamba kupeka nyimbo za kwaya, kuphatikizapo yotchedwa Hamba Kahle, mawu otsanzikira munthu wapaulendo, yomwe makwaya ambiri adaikonda.

Masana malezala, usiku piyano

Matshikiza adasamukira ku Johannesburg m'chaka cha 1947. Chaka chotsatira chipani cha National Party chidapambana chisankho ndipo chidayamba kukhwimitsa malamulo atsankho otchedwa apartheid.

Mumzindawu iye adatsegula kasukulu kake kophunzitsa piyano. Ankaimbanso m'gulu la Harlem Swingsters komanso kuperekeza pa piyano anyamata anayi otchuka a Manhattan Brothers. Koma zoimbaimba pazokha sizinkakwanitsa kudyetsa munthu. Adagwirako ntchito m'sitolo yogulitsa mabuku ya Vanguard, komanso adayendako m'misewu kutsatsa malezala a kampani ya Gillette.

M'chaka cha 1950 adakwatira Esme Mpama ndipo banjali lidadalitsidwa ndi ana awiri, Marian ndi John.

Moyo wa woimba wachikuda mu Johannesburg sudali wamasewera. Lamulo linkati munthu wakuda asapezeke akuyenda m'tauni usiku popanda chiphaso chapadera. Kaamba ka ichi, komanso kusowa kwa mabasi usiku, zisangalalo zinkayamba cha m'ma 8 koloko madzulo n'kutha cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. Oimba ankachezera usiku wonse zala zili pa zida.

Anthu akuda sankaloledwanso kugula mowa wachizungu, choncho ankamwera m'mashabini, momwe apolisi ankatha kutulukira nthawi ina iliyonse. M'maholo a dansi namo mudali matsotsi onyamula mipeni, omwe ankatha kulamula gulu kuti libwereze nyimbo imodzimodzi mpaka iwo atakhutira.

Zonsezi Matshikiza adaziona ndi maso ake ali pampando wa piyano. N'chifukwa chake atayamba kulemba za oimba, sadalembe ngati mlendo wosuzumira pawindo.

Taipilaita yolira ngati piyano

Magazini ya Drum idayamba m'chaka cha 1951 mumzinda wa Cape Town. Poyamba idalephera kukopa owerenga chifukwa inkalemba za miyambo ya kumudzi pomwe anthu akuda a m'tauni ankafuna kuwerenga za nkhonya, jazi, ndale ndi zochitika m'makomboni awo. Mwini wake, Jim Bailey, adaisamutsira ku Johannesburg n'kuitana mnzake wa ku England, Anthony Sampson, kuti akhale mkonzi.

Sampson adasonkhanitsa anyamata achikuda aluso pa cholembera. Padali Henry Nxumalo, yemwe adavumbula nkhanza za m'minda ya mbatata ku Bethal ndipo adadzimangitsa dala kuti akaone za m'ndende. Padalinso Can Themba, Arthur Maimane, Ezekiel Mphahlele, Bloke Modisane ndi Casey Motsisi. Matshikiza adalowa m'gululi m'chaka cha 1952 ngati woyang'anira nkhani za zoimbaimba.

Kalembedwe kake kadadabwitsa anthu. Chingerezi ankachidziwa bwino, paja adali mphunzitsi wa phunziro lomweli, koma adasankha kuchipinda kuti chimveke ngati nyimbo. Ankalemba ziganizo zifupizifupi zodumphadumpha, n'kusakanizamo mawu a Chixhosa, Chiafrikaans ndi chilankhulo cha anyamata a m'misewu. Pofotokoza kulira kwa lipenga kapena ng'oma, ankatha kulemba phokoso lenilenilo papepala.

Sampson adafotokoza pambuyo pake kuti mkuluyu ankamenya taipilaita ngati akuimba piyano. Anzake mu ofesi adafika popatsa kalembedweka dzina lakelake loti Matshikese, ngati kuti n'chilankhulo china chapadera.

Owerenga adamukonda chifukwa ankamva ngati akucheza ndi mnzawo pakona ya msewu. Ndipo poti Drum idafalikira mpaka ku Ghana, Nigeria ndi Kenya, mayina a oimba a m'makomboni a Johannesburg adayamba kudziwika kutali komwe eni ake sadapondeko.

Nyimbo zamitundumitundu

Masiku amenewo nyimbo zambiri sizinkatuluka pa chimbale cha nyimbo khumi ngati momwe zidadzakhalira pambuyo pake. Mbale imodzi inkanyamula nyimbo ziwiri zokha, ina kuseri ina kuno, iliyonse ya mphindi pafupifupi zitatu. Inkazungulira maulendo 78 pa mphindi imodzi. Makampani monga Gallo, Troubadour, Trutone ndi EMI ankapikisana kuzitulutsa mofulumira.

Wounika nyimbo pa Drum ankafunika makutu otakasuka chifukwa mawu oti jazi ankaphimba zinthu zosiyanasiyana.

Padali magulu akuluakulu a malipenga ndi masakisofoni monga Jazz Maniacs ndi Merry Blackbirds, omwe adaphunzira zambiri pomvera mbale za Duke Ellington ndi Count Basie a ku America. Padali magulu oimba ndi pakamwa mogwirizanitsa mawu monga Manhattan Brothers, omwe adatengera chitsanzo kwa Mills Brothers ndi Ink Spots koma n'kumaimba m'zilankhulo zakwawo. Padali amayi a mawu anthetemya monga Dolly Rathebe, Dorothy Masuka wobadwira ku Bulawayo, ndi Miriam Makeba, yemwe adayamba kudziwika akuimba ndi Manhattan Brothers.

Cha m'ma 1954 kudabuka kwela, nyimbo za tizitoliro tachitsulo totchipa tomwe ana ankaliza m'misewu, ndipo Spokes Mashiyane adagulitsa mbale zankhaninkhani. Ndi kwela yomweyi yomwe idadzafika kuno ku Malawi n'kukhazikika m'manja mwa Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka.

Komanso kudali anyamata ena ouma mitu monga Kippie Moeketsi, woliza sakisofoni, omwe ankatsata jazi yatsopano yothamanga ndi yovuta ya Charlie Parker, yomvera chabe osati yovina.

Pansi pa zonsezi padali marabi, nyimbo za m'mashabini a zaka za m'ma 1920 ndi 1930, zoimbidwa pa limba lopopa ndi mapazi, zongobwereza kayimbidwe kamodzimodzi usiku wonse. Anthu a sukulu za mishoni ankachita nazo manyazi.

Apa ndi pomwe Matshikiza adasiyana ndi anzake ophunzira. Iye ankatha kuwerenga ndi kulemba nyimbo papepala ndipo ankazidziwa nyimbo za akatswiri akale a ku Ulaya, koma sadaone chifukwa chonyozera marabi. M'chaka cha 1957 adalemba mndandanda wa nkhani zofotokoza momwe jazi idayambira m'dzikomo, momwe adakumbutsa anthu za oimba oiwalika monga Boet Gashe, yemwe ankayendayenda ndi limba lake m'malo omwera mowa ku Queenstown.

Anthu ngati Gashe sadajambulepo mbale zoti mibadwo ina idzamve. Pakadapanda wina kuwalemba, mayina awo akadakwiriridwa nawo limodzi. Akatswiri ofufuza mbiri ya nyimbo monga David Coplan ndi Christopher Ballantine, omwe adalemba mabuku awo patapita zaka zambiri, adadalira kwambiri zomwe Matshikiza adasiya m'masamba a Drum.

Dzina lalikulu, thumba lobooka

Ntchito yake sidathere pouza anthu mbale yoti agule. Iye ankadziwa zomwe zinkachitika kuseri kwa mbalezo.

Woimba wachikuda akalowa mu situdiyo ankapatsidwa kandalama kochepa tsiku lomwelo, basi nkhani yatha. Mbale igulidwe 100 kapena 100,000, iye sankalandiranso kanthu. Ndalama zomwe woimba amayenera kumalandira nyimbo yake ikamagulidwa kapena kuulutsidwa, zonga zomwe bungwe la Cosoma limatolera kuno ku Malawi, oimba akuda ambiri sankazidziwa n'komwe. Umwini wa nyimbo unkatsala m'manja mwa kampani, ndipo nthawi zina gulu limodzi linkatulutsidwa ndi mayina osiyanasiyana kuti lisatchuke n'kuyamba kuvuta pa malipiro.

Chitsanzo chodziwika padziko lonse ndi cha Solomon Linda. M'chaka cha 1939 iye adajambula nyimbo ya Mbube ku kampani ya Gallo n'kulandira mashilingi owerengeka. Nyimboyo idawoloka nyanja, idasinthidwa ku America n'kukhala The Lion Sleeps Tonight, ndipo idalemeretsa anthu ena mpaka kulowa mufilimu ya The Lion King. Linda adamwalira ali mmphawi m'chaka cha 1962. Ana ake adadzayamba kuganiziridwa mu 2006 nkhani itapita kukhoti.

Ena adafa imfa zoopsa. Solomon Cele, yemwe ankatchuka ndi dzina loti Zuluboy ndipo adayambitsa gulu la Jazz Maniacs, adapezeka atafa panjanji m'chaka cha 1944.

Matshikiza adalemba mosabisa za momwe oimba amathera: kuomberedwa m'manja ali pa nsanja, kenako kudwala ndi kufa opanda kalikonse. Kwa owerenga omwe ankangoona masuti onyezimira pa zithunzi, izi zidali zotsegula maso.

Uku akulemba, sadasiye kupeka nyimbo. Mu 1953 adapeka Makhaliphile, nyimbo ya kwaya yolemekeza wansembe wa Anglican, Bambo Trevor Huddleston, omwe adalimbana ndi boma pa nkhani yosamutsa anthu ku Sophiatown. Dera limeneli lidali likulu la oimba ndi olemba achikuda, koma pa 9 February 1955 apolisi 2,000 adafika m'mamawa kudzayamba kusamutsira anthu ku Meadowlands. Nyumba zidagumulidwa, malowo adapatsidwa azungu n'kutchedwa Triomf, kutanthauza chipambano.

Mu 1956, pomwe mzinda wa Johannesburg unkakwanitsa zaka 70, adapemphedwa kupeka nyimbo ya chikondwererocho. Iye adapeka Uxolo, kutanthauza mtendere, yoimbidwa ndi kwaya ya anthu 200 pamodzi ndi gulu la malipenga. Mumzinda womwe unkagumula nyumba za anthu ake, mawu omwe adasankha adali pempho osati chikondwerero.

Sewero la King Kong

Ezekiel Dlamini adali katswiri wankhonya wa thupi lalikulu yemwe anthu adamutcha King Kong. Ankakondedwa m'makomboni kaamba ka matama ake ndi mphamvu zake. Koma nyenyezi yake itayamba kuzilala adasanduka mlonda wa pakhomo la holo ya dansi, ndipo mu 1956 adapha chibwenzi chake pochibaya ndi mpeni.

Kukhoti adapempha yekha kuti anyongedwe, koma woweruza adamupatsa zaka 12 zakalavula gaga. Mu 1957 adadziponya m'damu la pa ndende ya Leeuwkop n'kufera momwemo. Matshikiza adali mmodzi mwa atolankhani omwe adatsatira mlanduwo.

Bungwe la Union Artists, lomwe linkathandiza oimba pa nyumba ya Dorkay House, lidaganiza zosandutsa nkhaniyi sewero loimba. Loya wina, Harry Bloom, adalemba nkhani yake, Pat Williams adalemba mawu a nyimbo zambiri, Leon Gluckman adatsogolera ochita sewero, ndipo Matshikiza adapatsidwa udindo wopeka nyimbo zonse.

M'nyimbozo adathiramo zonse zomwe makutu ake adasonkhanitsa kuyambira ali mwana: makwaya a ku Eastern Cape, marabi, kwela ndi jazi ya malipenga. Zomwe kwa zaka zambiri ankaziunika padera padera m'magazini, tsopano adaziika mumphika umodzi.

Kukonzekera kudali kovuta. Ochita sewero pafupifupi 70 ankayeserera madzulo akaweruka kuntchito, ndipo pobwerera kumakomboni usiku ankakumana ndi apolisi ofuna ziphaso kapena matsotsi ofuna ndalama.

Seweroli lidatsegulidwa pa 2 February 1959 mu holo yaikulu ya yunivesite ya Witwatersrand, amodzi mwa malo ochepa omwe azungu ndi anthu akuda ankatha kuonera zinthu pamodzi. Nathan Mdledle wa Manhattan Brothers ndiye adali King Kong, Miriam Makeba adali Joyce, mwini shabini, ndipo Joe Mogotsi adali mkulu wa zigawenga. M'gulu loliza zida mudali Kippie Moeketsi, Mackay Davashe, Jonas Gwangwa ndi Hugh Masekela, yemwe adali asadakwanitse zaka 20.

Mwa anthu omwe adadzaonera usiku woyambawo mudali Nelson Mandela ndi mkazi wake Winnie. Apa n'kuti Mandela akuyankha mlandu woukira boma womwe udayamba mu 1956. Malinga ndi zomwe Esme adafotokoza pambuyo pake, Mandela adayamikira Matshikiza ponena kuti nyimbo ya Sad Times, Bad Times adaimva ngati uthenga wolimbikitsa iwo omwe ankazengedwa mlanduwo.

King Kong idagwedeza dziko. Idazungulira mizinda ikuluikulu ya South Africa ndipo anthu pafupifupi 200,000 adaionera, ambiri mwa iwo azungu omwe kwa nthawi yoyamba adaona luso la anthu omwe ankawadziwa ngati antchito a m'nyumba ndi m'minda.

Chaona mnzako chapita

Wina akadaganiza kuti apa Matshikiza wafika pachimake. Koma mumtima mwake mudali chilonda.

Pomwe seweroli linkakula, mphamvu zopanga ziganizo zidapita m'manja mwa azungu omwe ankayendetsa ntchitoyo. Nyimbo zake zidasinthidwa apa ndi apo, makamaka pokonzekera ulendo wa ku London komwe ankafuna kuti zikomere makutu a azungu a kumeneko. Iye adaona kuti akukankhidwira pambali pa chinthu chomwe adachibereka yekha, ndipo adadandaula za ichi m'zolemba zake.

Munthu yemwe kwa zaka zambiri adalemba za oimba olandidwa thukuta lawo tsopano adalawa yekha kuwawa kwake.

Nthawi imeneyi n'kuti ali ndi danga lina mu Drum lotchedwa With the Lid Off, ngati kunena kuti kuvundukula mphika, momwe ankalemba za moyo wa tsiku ndi tsiku pansi pa tsankho. Ankaseketsa owerenga, koma nthabwala zake zidali zoluma.

Mu 1960 adagwirizana ndi mlembi wotchuka Alan Paton kukonza sewero lina loimba lotchedwa Mkhumbane, lonena za anthu a m'zisakasa za Cato Manor mumzinda wa Durban. Tsoka ilo, lidatsegulidwa patangopita masiku ochepa apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 March. Boma lidakhazikitsa malamulo okhwima a nthawi ya chipwirikiti, lidamanga anthu zikwizikwi ndi kuletsa zipani za ANC ndi PAC. Pa nthawi yotere palibe adali ndi mtima wa zisudzo, ndipo sewerolo silidakhalitse.

Chaka chomwecho Matshikiza adatenga mkazi wake ndi ana awiri aja n'kukwera ulendo wa ku England. Sadadziwe kuti dziko lakwawo sadzaliwonanso.

Kuzizira kwa London

King Kong idatsegulidwa ku Princes Theatre mumzinda wa London mu February 1961 ndipo idaonetsedwa maulendo pafupifupi 200. Makeba sadali nawo chifukwa adali atachoka kale mu 1959 n'kuyamba kutchuka ku America, choncho malo ake adatenga Peggy Phango. Sewero litatha, ambiri mwa ochita sewerowo, kuphatikizapo a Manhattan Brothers, adasankha kutsalira ku England m'malo mobwerera ku ziphaso ndi apolisi.

Kwa Matshikiza, London udali mzinda waufulu koma wouma. Palibe ankamufunsa chiphaso, komabe nyumba yabwino ya lendi idali yovuta kupeza kwa munthu wakuda, ndipo ntchito yokhazikika ya zoimbaimba sidapezeke. Ankaimba piyano m'malo azisangalalo mwa apo ndi apo, kugwira maganyu a utolankhani kuphatikizapo ku wailesi ya BBC, komanso kutumiza nkhani ku Drum zofotokoza moyo wa ku London.

Mu 1961 adatulutsa buku lake lotchedwa Chocolates for My Wife, lofotokoza moyo wake ku Johannesburg ndi ku London m'kalembedwe kake kaja kosakaniza nthabwala ndi ululu.

Ku Johannesburg iye ankadziwa woimba aliyense, shabini iliyonse ndi nthabwala ya sabata imeneyo. Luso lake lonse lidamera pa anthu amenewo. Ku London adali ngati nsomba yoivuulira pamtunda.

Masiku omaliza ku Lusaka

M'chaka cha 1964, pomwe dziko la Zambia linkalandira ufulu wodzilamulira pansi pa Kenneth Kaunda, Matshikiza adapeza mwayi wobwerera ku Africa. Adalembedwa ntchito pa wailesi ya boma ku Lusaka ngati wowerenga nkhani ndi wokonza mapulogalamu. Iyi ndi nyumba youlutsira mawu yomwe m'zaka za m'ma 1950 inkamveka mpaka ku Nyasaland m'Chinyanja, komwe Alick Nkhata adatchukira.

Ku Lusaka adali pafupi ndi kwawo, koma chitseko chidali chotseka. Mu 1966 boma la South Africa lidaika dzina lake pa mndandanda wa anthu okhala kunja omwe zolemba zawo zidaletsedwa, pamodzi ndi anzake a ku Drum monga Mphahlele, Themba, Modisane ndi Lewis Nkosi. Kuyambira pamenepo kudali kulakwira lamulo kusindikiza kapena kubwereza mawu ake m'dzikomo. Ana omwe adakula m'zaka zotsatira sadathe kuwerenga zomwe adalemba.

Mu 1967 adasamukira ku nthambi ya boma yofalitsa nkhani komwe adapatsidwa ntchito yosonkhanitsa ndi kusunga nyimbo za makolo. Adayenda m'madera osiyanasiyana a Zambia kumvetsera ng'oma, zida ndi nyimbo za anthu a m'midzi. Ntchito yake yomaliza idafanana ndi yoyamba ija: kutchera khutu ku nyimbo za ena ndi kuonetsetsa kuti zisatayike.

Koma omwe adali naye pafupi adaona kuti kulakalaka kwawo kunkamudya. Paja akuluakulu adati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Todd Matshikiza adamwalira ku Lusaka pa 4 March 1968, kutatsala masiku atatu kuti akwanitse zaka 47.

Sadali yekha pa anyamata a Drum kufa msanga. Henry Nxumalo adaphedwa ndi zigawenga ku Johannesburg pomwe chaka cha 1957 chinkangoyamba, akufufuza nkhani. Nat Nakasa adafera ku New York mu 1965 ali ndi zaka 28. Can Themba adafera ku Swaziland mu 1967.

Zomwe adasiya

Mwana wake John, yemwe adachoka ku South Africa ali wamng'ono, adakula n'kukhala katswiri wa zisudzo ndi mafilimu komanso mlembi. Adabwerera kwawo mu 1991 tsankho litayamba kugwa, ndipo adadzutsa danga la bambo ake la With the Lid Off m'nyuzipepala ya Mail & Guardian. Pambuyo pake zolemba za bambo ndi mwana zidasindikizidwa m'buku limodzi. John adamwalira mu 2008. Mwana wake Lindiwe, mdzukulu wa Todd, naye adalowa m'zisudzo ndipo adaoneka mufilimu ya moyo wa Mandela yomwe idatuluka mu 2013.

Dzina la Sophiatown lidabwezeretsedwa mu 2006. Sewero la King Kong lidaonetsedwanso mu 2017 ku Fugard Theatre mumzinda wa Cape Town, patapita zaka 58 chiyambire, ndipo anthu omwe adali asadabadwe pomwe mwini nyimbozo ankamwalira adazimva zikuimbidwa pa nsanja. Mu September 2023 kampani ya Google idaika chithunzi chake pa tsamba lake loyamba la pa intaneti pomukumbukira.

Magalamafoni omwe anyamata a Wenela adabwera nawo adachita dzimbiri kalekale, ndipo mbale zambiri za nthawi imeneyo zidasweka. Makampani omwe adazitulutsa sadasamale kulemba kuti adaliza lipenga ndani, adapeka nyimbo ndani, kapena kuti anthuwo adathera kuti. Zambiri zomwe zikudziwika lero za oimba amenewo zidapulumuka chifukwa mphunzitsi wamfupi wa ku Queenstown adakhala pansi, kumvetsera, n'kulemba mayina awo.